A Fryson ndi Makalata Atatu

Alamu anga a Fryson Makwinja amayendetsa basi muno mu Glasgow. Ngati munakwerapo basi ya m'mawa yochokera ku Springburn kulowa m'tauni, mwina munawaona: bambo wamfupi, wadazi lonyezimira, womanga tayi tsiku lililonse ngakhale anzawo onse anasiya kalekale. Anakwatira mkulu wanga a Ketrina, ndiye ine ndili ndi chilolezo chowanena mmene ndingafunire, ndipo chilolezocho sindichisunga m'sutikesi. Iwo amanditcha mkazi wawo wamng'ono, ine ndimawauza kuti ndi dazi limenelo sakanandipeza. Takhala tikunyogodolana chonchi zaka zoposa makumi awiri.

Munthuyu amakhulupirira zinthu ziwiri, Mulungu ndi wotchi. Mukawaitana kuphwando la 2 koloko, amafika 2 koloko yeniyeniyo, n'kupeza eni phwando akadali kubafa, kenaka n'kuyamba kuyala mipando akung'ung'udza. Kwawo ndi ku Luchenza. Anayamba ngati kondakitala wa minibasi ya Limbe ndi Mulanje, kulendewera pachitseko tsiku lonse, kenaka anaphunzira chiwongolero n'kumayendetsa mabasi akuluakulu opita ku Lilongwe. A Ketrina, omwe ndi namwino, atapeza ntchito kuno, iwo anatsatira patatha chaka, n'kufikira m'nyumba zosanja za ku Sighthill zomwe anazigwetsa zija. Ntchito yawo yoyamba inali yotsuka mabasi kudepoti. Anatsuka zaka ziwiri, kwinaku akuloweza misewu ya mzindawu pa mapu omwe anamata kuseri kwa chitseko cha chimbudzi, mpaka anawapatsa chiwongolero.

Mwana ali naye mmodzi, Tiyanjana, wa zaka 16, wobadwira konkuno. Chichewa amamva chonse, makamaka mukamamujeda, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha kuno, chothamanga ndi chomeza mawu chija, moti agogo ake akaimba foni amafunsa ngati mwanayu ali ndi chimfine. Kutchalitchi kwathu ndiye amakhala kumbuyo, pa makina a zokuzira mawu. Anayamba ali ndi zaka 12, tsiku lomwe maikolofoni inalira ngati nkhumba pakati pa ulaliki, akuluampingo atatu n'kumangoyang'anana. Tiya anadzuka, anapita kumbuyo, anatembenuza kanthu kamodzi, tchalitchi chonse zii. Chichokereni tsiku limenelo palibe amene amakhudza makinawo iye asanafike, ndipo ine amene ndimaimba kwaya ndimamukayikira kuti maikolofoni yanga amaitsitsa dala.

Chaka chino, kusukulu kwawo anauza ana a kalasi yake kuti amene akufuna akhoza kupempha malo a maphunziro a patchuthi. Ndi makosi a masabata atatu m'mwezi wa Julayi, omwe makoleji amakonzera ana a sekondale kuti alaweko moyo wa kukoleji asanafikeko. Aphunzitsi anawalangiza kuti apemphe malo angapo chifukwa ofuna ndi ambiri. Tiya anapempha atatu. Koyamba ndi kuyunivesite yakale ija ya ku Hillhead, kosi ya sayansi. Kwachiwiri ndi kukoleji ya m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kosi ya mainjini a sitima zapamadzi. Kwachitatu ndi kakoleji kakang'ono ka ku Springburn komweko, kosi ya kujambula ndi kukonza mawu mu situdiyo. Tinkapemphera kuti mwina kumodzi kumuyankhe. Lachisanu lina m'mwezi wa Meyi anabwera kunyumba ndi makalata atatu, onse omuvomera.

Ine ndinalipo, ndinapita kukabwereka makina osokera. A Fryson analowa kuchokera kuntchito, mwana n'kuwapatsa makalatawo asanavule ndi jekete lomwe. Anawerenga yoyamba ataima pakhomo. Anawerenga yachiwiri, n'kuvula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuvalanso. Atamaliza yachitatu anaika chikwama pansi bwinobwino, kenaka bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, anayamba kuvina pakolido, mapewa akugwedezeka, makalata ali m'mwamba. A Ketrina anaimba nthungululu mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Ine ndinalira, sindibisa. Tsiku lomwelo nkhani inafika ku Luchenza, ku Ndirande, ndi kwa msuweni wawo wa ku Joni yemwe sanalankhulane naye zaka zisanu.

Lamulungu anafika kutchalitchi makalata aja atawaika m'mapulasitiki, iliyonse m'mwake. Itakwana nthawi ya zolengeza anapempha mphindi ziwiri, n'kutenga khumi. Anawerenga kalata iliyonse kuyambira pa adiresi. Amayi a ku Malawi anadzuka ndi nyimbo, agogo achisikoti omwe timapemphera nawo n'kumaomba m'manja mosadziwa kuti aime kapena akhale. Mwini nkhani anali kumbuyo, atavala mahedifoni, nkhope itabisala kuseri kwa makina. Maikolofoni ya bambo ake sanaitsitse, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti mwanayu amawakonda.

Titatuluka, aliyense anasanduka mlangizi. Ambiri anali a Hillhead, ndipo ine ndinali patsogolo pawo, chifukwa ndinali nditaganizira kale diresi lomwe ndikavale pokajambulitsa pa zipilala zamiyala za payunivesitepo. Abambo ena ankati mainjini ndiye ntchito yosasowa. Za situdiyo palibe anazitchula. Tili pa tiyi m'holo, ndinawafunsa alamu anga kuti nanga iwo mtima wawo uli kuti.

"Konse," anatero.

Ndinaseka, ndikuyesa ndi nthabwala zathu zija. Iwo sanaseke.

"Alamu, malo a sukulu sakana. Munamvapo kuti munthu wasankhidwa, iye n'kunena kuti zikomo sindifuna? Apita konse."

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa chinthu chimodzi chomwe a Fryson sakonda kuchikamba. Sitandade 8 anaikhala zaka zitatu. Sikuti ankalephera ayi, mayeso ankakhoza chaka chilichonse, koma masiku amenewo kukhoza kunali kwina, kusankhidwa kupita kusekondale kunalinso kwina. Malo anali ochepa, ndipo mwana sankasankha sukulu, sukulu ndiyo inkasankha mwana. Maina ankabwera papepala, mumapita kukaliyang'ana, dzina lanu likasowa mumabwerera kukakhala pa desiki lomwe lija ndi ana omwe munkawatuma. A Fryson anabwereza mpaka ndevu zinayamba kumera, kenaka anasiya n'kupita ku Limbe kukafuna minibasi. Munthu wotereyu mukamupatsa makalata atatu n'kumuuza kuti awiri ataye, ndiye kuti mwamuuza zamisala.

Vuto linali lakuti pansi pa makalatawo panali lamulo lomveka bwino. Makosi onse atatu anali m'masabata omwewo. Mwana amayenera kusankha imodzi yokha pa fomu ya kusukulu, kholo n'kusaina, ndipo fomuyo ifike isanakwane 4 koloko Lachisanu la sabata yachiwiri. Fomu ikapanda kufika, malo onse atatu amapita kwa ena. Tiya anawawerengera bambo ake ndime imeneyi kawiri. Iwo anati malamulo amalembedwa ndi anthu, ndipo anthu amamva ukawaonetsa nzeru. Ndinawanong'oneza a Ketrina kuti angosaina okha nkhani ithe. Anakana. Anati m'nyumba mwawo zonse amalamula ndi iwo, koma za sukulu ya mwana anawasiyira bambo ake kuyambira ku nazale, ndipo akasaina mobisa, bala lakelo silidzapola.

Pofika Lolemba la sabata yachiwiri, alamu anga anali atakonza nzeru yawo. Anatenga kalendala yakale ya mpingo, yaikulu ija, n'kujambula kuseri kwake ndandanda ya masabata atatu, ndi rula, m'mitundu itatu. Wofiira unali Hillhead, wobiriwira kumtsinje, wakuda Springburn. Lolemba m'mawa Tiya akaphunzira sayansi, 11 koloko n'kuthamangira ku mainjini, masana n'kumalizira ku situdiyo. Lachiwiri asinthanitsa ziwiri za m'mawazo, kuti pasapezeke koleji yodandaula. Zomwe waphonya akakopera manotsi kwa anzake, monga tinkachitira tonse kwathu. Nthawi ya sitima iliyonse inalembedwa, ndi mphindi zoyenda pansi, ndi mphindi zisanu ndi ziwiri zodyera. Chinali chinthu chokongola, ndivomere. Ukachiyang'ana nthawi yaitali unkayamba kukhulupirira.

Koma dalaivala weniweni salemba ndandanda asanayende njirayo. Lachiwiri anali pa ofu, Tiya ali kusukulu, ndiye anandiimbira ine. Anati tikaone makoleji a mwana. Ine pomva Hillhead ndinavala diresi lija ndi nsapato zazitali za kutchalitchi. Titakumana ndinawapeza atavala nsapato zothamangira, wotchi ya masewera ili m'khosi. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti zili bwino, ngati ine ndi maondo angawa ndingakwanitse, ndiye kuti Tiya azipeza ndi nthawi yogona.

Tinayambira ku Hillhead. Titalowa pabwalo la yunivesite, pansi pa zipilala zija, alamu anga anavula chipewa n'kuyamba kulankhula monong'ona. Ankayang'ana ana asukulu akudutsa ndi zikwama zawo, ena akudya akuyenda, ena atagona pa kapinga, ndipo ankangopukusa mutu akumwetulira. Anagwira khoma ndi chikhato n'kunena kuti mwala uwu waona anthu. Ndinawapatsa foni kuti andijambule. Anajambula kamodzi, chithunzi chodula mutu, kenaka anadina wotchi n'kuti tiyeni.

Amayi inu, ndinathamanga. Kutsika chitunda chija mpaka pa siteshoni ya sitima yapansi, iwo patsogolo, ine m'mbuyo ndikuitana maina a makolo anga. M'sitima sanandilole kukhala pansi, ati tiime pafupi ndi chitseko chomwe chimayang'anizana ndi masitepe. Titatuluka m'tauni tinawoloka mlatho mphepo ikundikweza diresi. Tinafika pakoleji ya kumtsinje patatsala mphindi ziwiri pa nthawi yomwe analemba, ndipo anandigwira chanza ngati tawina chikho. Kenaka anaona pawindo lalikulu la pansi. Mkatimo munali injini yaitali kuposa munthu, achinyamata ovala maovolosi ataizungulira, mmodzi wa iwo mtsikana, sipanala ili m'manja. A Fryson anakanikiza mphuno pagalasi. Anaima pamenepo mphindi khumi zathunthu, wotchi ikungoyenda yokha pachifuwa, ndipo ine sindinawakumbutse chifukwa ndinali kupuma.

Zitatero tinachedwa. Mvula inayamba tili pakati pa tauni, chidendene cha nsapato yanga chinalowa pa mng'alu, ndipo sitima ya ku Springburn tinaiona ndi maso ikunyamuka. Tinakhala pabenchi, ine nditanyowa, nsapato ili m'manja. Ndinawauza mosapsatira kuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

"Pusiyo analibe wotchi," anatero. Analemba m'kabuku kawo kuti vuto ndi nsapato.

Kukoleji ya ku Springburn tinafika mochedwa ndi theka la ola. Ndi nyumba wamba, yopanda chipilala ngakhale chimodzi, moti ine ndinkafuna tingoona pageti n'kubwerera. Koma mayi wina wa pamalo olandirira alendo, atamva kuti mwana wathu wapatsidwa malo, anatitengera ku situdiyo. Ndi chipinda chopanda mawindo, makoma ake ofewa ngati matiresi, ndipo ukalankhula mawu amathera pakamwa pomwepo. Pakati pali tebulo lalitali lodzaza timabatani ndi timagetsi, kuposa makina a kutchalitchi kakhumi. A Fryson anapinda manja kumbuyo kuopa kukhudza kanthu. Anazungulira tebulo lija pang'onopang'ono, n'kunena kuti Tiya akalowa muno tidzachita kumutulutsa ndi apolisi. Potuluka anali osangalala kuposa m'mawa. Kwa iwo ulendo wonsewo unangotsimikiza kuti malo onse atatu ndi abwino, ndipo palibe otaya.

Lachitatu madzulo Tiya anabwera kwanga ku Sighthill, m'nyumba zatsopano zija, akuchokera kusukulu. Anakhala pa kauntala ya kukhitchini, chinthu chomwe kwawo saloledwa, n'kumadya mtedza wanga. Ndinamufotokozera za ulendo wathu, anaseka mpaka kutsamwa. Nditafika pa situdiyo anasiya kuseka. Anandifunsa kuti tebulo lija linali lalitali bwanji, ndi kuti ndinaona maikolofoni angati. Kenaka zonse zinatuluka. Anali atawerenga kale dongosolo la kosiyo mpaka kuliloweza. Sabata yoyamba amaphunzira kuika maikolofoni, yachiwiri kusakaniza mawu, yachitatu amabweretsa gulu loimba lenileni ana n'kulijambula okha. Ankalankhula manja ali m'mwamba, akutembenuza timabatani tosaoneka. Sindinamuonepo akufuna chinthu chonchi.

Ndinamufunsa chifukwa chake sanawauze bambo ake. Anati anayesa, koma akangotsegula pakamwa iwo amatulutsa kalendala ija. Anatinso chibadwire sanawaonepo akusangalala chotere, mpaka akumaimba kubafa, ndiye iye ayambira pati kuwauza kuti mitundu iwiri aifufute. Anati akuopa kuti Lachisanu lifika, 4 koloko ikwana, n'kutsala ndi makalata atatu m'mapulasitiki opanda kopita. Apa misozi inalengeza. Ndinamumvera chisoni mwanayu, ndinawakwiyira alamu anga, ndipo ndinadzikwiyiranso ndekha, chifukwa masiku onsewa ndinali kalikiliki ndi zipilala zanga osamufunsa mwini wake.

Lachinayi ndinawauza a Ketrina zonse, iwo n'kuwakhazika pansi amuna awo. Sizinathandize kwenikweni. A Fryson anati akudziwa kuti mwana amakonda situdiyo, n'chifukwa chake mtundu wakuda anaupatsa masana onse. Anati mawa apita okha kusukulu kukaonana ndi mphunzitsi woyang'anira za mafomuwa, akamuonetse ndandanda, ndipo nkhani ikathera pomwepo. Anali atasinthana kale shifiti ndi mnzawo kuti aweruke 2 koloko. A Ketrina anali pa ntchito kuchipatala Lachisanulo, ndiye anandiuza kuti ndipite nawo, ndipo zikavuta ndiwakhalire pamiyendo mpaka asaine.

Tinalowa muofesi ya Mayi Gallacher 3 koloko itangodutsa, ine, a Fryson ndi Tiya. Mayiwa ndi mphunzitsi wolangiza ana, wa imvi zometa mwachidule ndi magalasi olendewera pa chingwe. Alamu anga anali mu yunifolomu, kalendala itakulungidwa kukhwapa. Anaiyala patebulo, anatsamiritsa ngodya zake ndi kapu ndi foni, n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi chawo cha pa Sande, cholembera chili m'manja. Tiya ankayang'ana nsapato zake. Mayi aja sanaseke. Anavala magalasi, anatsatira mzere uliwonse ndi chala, anafunsa za sitima ya Lachinayi, ndipo pomaliza anati zaka zonse zomwe agwira ntchito sanaonepo kholo lochita zotere, mwina awabwereke adzawakonzere ndandanda ya sukulu yonse. A Fryson anandiyang'ana ndi diso lakuti mwaona.

Kenaka mayi aja anati sizingatheke. Kosi iliyonse imafuna mwana akhalepo tsiku lonse, masiku onse. A Fryson anati mwanayu malo onsewa anawapeza ndi mutu wake, sanabere munthu. Mayi anavomera kuti n'zoona. A Fryson anati ndiye asungireni, akapita pomwe angathe, mpando ukakhala wopanda munthu maola awiri sulira. Ine ndinayang'ana wotchi ya pakhoma, inali 3:25.

Mayi Gallacher anatsegula kabati n'kutulutsa pepala limodzi. Maina anawaphimba ndi dzanja, koma mizere inkaoneka. Anati awa ndi ana a pasukulu pomwepa omwe anapempha makosi omwewo koma malo anawathera. Anayi akudikira Hillhead, atatu akudikira kumtsinje. Malo akamasuka, woyamba pamzere amalowa.

A Fryson anafunsa ngati anawo akudziwa kuti ali pamzere. Mayi anati akudziwa, analandira makalata owauza kuti adikire. Anafunsanso kuti analandira liti. Mayi anati tsiku lomwe Tiya analandira ake, masabata awiri apitawo.

Alamu anga anakhala pansi. Anaika cholembera patebulo, n'kuyang'ana pepala lija nthawi yaitali. Atayamba kulankhula analankhula m'Chichewa, akuyang'ana ine, ngati m'chipindamo tili awiri.

"Chaka chachitatu chija, alamu, ahedi anandiitana. Anati Fryson usataye mtima, dzina lako lili pafupi, ena akapanda kupita kusukulu zomwe asankhidwira, kubwera sekondi selekishoni. Amayi anabwereka sutikesi. Anandisokera dzina pa bulangeti. Ine tsiku lililonse pa positi ofesi pa Luchenza, teremu yonse, mpaka wa pakauntala ankangondipukusira mutu ndisanalowe."

Nkhani imeneyi sindinaimvepo, ndipo ndikukayika ngati a Ketrina anaimva yonse.

"Patapita chaka ndinakumana ndi mnzanga amene anapita. Anandiuza kuti mu hositelo mwawo munali mabedi awiri opanda anthu chaka chonse. Eni ake anapita kusukulu zina, osauza munthu. Ankaikapo masutikesi pa mabedipo." Anapukuta dazi ndi chikhato. "Ndinawatemberera anthu amenewo. Maina awo sindinkawadziwa, koma ndinawatemberera."

Mayi Gallacher sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Tiya anamva zonse. Anali atasiya kuyang'ana nsapato.

A Fryson anatembenuzira mpando wawo kwa mwana. Sanamutchule Tiya, ndipo sanamuuze kuti iwe.

"Mayi, inu mukufuna kuti?"

Mwana anayankha m'Chichewa chake chopindika chija, chomwe amachisungira agogo ake pa Khirisimasi.

"Ku situdiyo, adadi. Ndikufuna kwambiri."

"Zipilala zija ayi? Anti anu agula kale diresi."

Tiya anaseka misozi ili m'masaya, ine n'kuwaponda phazi pansi pa tebulo. A Fryson anapempha fomu. Anaiwerenga yonse kuyambira pamwamba, chifukwa munthuyu sasaina chinthu asanawerenge ngakhale nyumba ikupsa, ndipo ine maso anali pa wotchi. Tiya anachonga bokosi la Springburn. Pa mabokosi awiri enawo pamafunika kulemba kuti malo tawabweza, ndipo cholembera cha alamu anga chinaima m'mwamba kanthawi. Analemba. Anasaina ndi siginecha yawo yaitali ya mchira ija. Inali 3:40. Tiya anawakumbatira m'khosi mpaka tayi inapotoka, kenaka anayamba kudumphadumpha muofesi ya aphunzitsi ngati mwana wa nazale, akunena za maikolofoni zomwe palibe ankazimva.

Tinatsanzika. A Fryson anakulunga kalendala yawo, ndipo tili pakhomo Mayi Gallacher anawathokoza, n'kunena kuti ana awiri asangalala kwambiri, adzawauza Lolemba m'mawa.

Alamu anga anaima, dzanja lili pachitseko. Anabwerera, n'kufunsa mwaulemu kuti chifukwa chiyani Lolemba. Mayi anati ana aweruka kale, ndipo ndi Lachisanu madzulo. A Fryson anati manambala a makolo awo ali m'kabatimo, ndipo nthawi yoweruka aphunzitsi sinakwane. Anati Loweruka ndi Lamulungu ndi masiku aatali kwambiri kwa munthu amene akudikira. Atatero anakokanso mpando uja n'kukhala, chipewa chili pa bondo, n'kunena kuti iwo sakuthamangira kulikonse.

Mayi aja anawayang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anakoka foni. Inaitana kanayi. Anadzitchula dzina, anapempha kulankhula ndi mwana, ananena mawu ochepa chabe. Zomwe zinatuluka m'foni muja tinazimva tonse pomwe tinali, moti mayi anachita kuichotsa kukhutu. A Fryson anaweramira kutsogolo. Chingerezi cha ana a kuno chikathamanga chimawadutsa, ndiye anakoka Tiya pamkono n'kumufunsa kuti mwanayo akuti chiyani.

Tiya anati sakunena kanthu, akungokuwa.

"Eya," anatero alamu anga, akupukuta m'maso ndi nsonga ya tayi. "Auzeni aimbirenso winayo."